Mantha a pa Kanema Timapita Nawo Kuti?

Makolo a masiku ano ali ndi funso limene agogo awo sadalilotepo: kodi nkoyenera kuti m'nyumba ya munthu woopa Mulungu muzionetsedwa mafilimu a mizukwa, a mfiti ndi a anthu omwa magazi a anzawo? Pambali pa funso limeneli pali linanso limene silifunsidwa kawirikawiri, popeza ambiri amayesa kuti yankho lake nlodziwikiratu: nanga makatuni, tizithunzi toyenda tija timene ana amaiwala nato nsima, kodi mulibe chodetsa nkhawa m'menemo?

Tikamacheza ndi mabanja a pa Limbuli ndi midzi yozungulira, timamva mayankho awiri amene asanduka ngati lamulo. Loyamba nlakuti mafilimu oopsa ndi ntchito ya Satana, ndipo woonera amaitanira ziwanda m'nyumba mwake. Lachiwiri nlakuti makatuni ndi zidole chabe, kotero mwana angathe kusiyidwa nazo kuyambira m'mawa mpaka nkhuku zitalowa m'khola. Achinyamata nawo ali ndi yankho lachitatu limene amatsekera nalo pakamwa aliyense: "Ndi filimu basi, si zenizeni."

Mayankho atatuwa aliyense ali ndi kachoonadi kake, koma palibe limene lafika pa tsinde la nkhani. Kuopsa kapena kuseketsa kwa filimu sindiwo muyeso wa ubwino wake. Muyeso uli pa funso ili: kanema akazimitsidwa, mantha amene watisiyira aja timapita nawo kuti? Alipo mantha amene amabweza munthu mumtima mwake kuti adzifunse za moyo wake, ndipo alipo ena amene amatuluka pakhomo nakayendayenda m'mudzi kufunafuna munthu woti amugwere. Ife a kuno ku Mulanje tili ndi chifukwa chapadera cholingalirira za kusiyana kumeneku, monga tione kutsogoloku.

Mlendo wofika mochedwa

Dziko lathu lidachedwa kulandira wailesi yakanema. M'zaka zonse za ulamuliro wa Dr H. Kamuzu Banda m'Malawi mudalibe nyumba youlutsira zithunzi, ndipo mafilimu amene ankaonetsedwa m'mizinda ankayamba apyola m'manja mwa bungwe lounika zosangalatsa, lokhazikitsidwa ndi lamulo la 1968, limene linkadula chilichonse chimene silidakondwe nacho. Kumudzi kanema ankabwera mwa apo ndi apo pa galimoto la boma kudzaphunzitsa ulimi, anthu nkumakamba za iye mwezi wathunthu. Television Malawi idayamba kuulutsa pa 1 Epulo 1999, pamene anansi athu a ku Zambia ndi Zimbabwe adali atakhala ndi wailesi yakanema zaka zoposa 30.

Koma mlendo wochedwayu atafika sadayende pang'onopang'ono ai. Padabuka tinyumba ta vidiyo m'misika, nsalu yakuda ili pakhomo, chimkuzamau chili panja kuitana odutsa. Padabwera mafilimu a ku Nigeria, kenaka a ku China, India ndi America omasuliridwa m'Chichewa ndi anyamata aluso a m'matauni. Lero filimu yathunthu imalowa pa kamemori khadi kochepa ngati chikhadabo, ndipo nyumba imene ili ndi sola padenga, kapena foni imodzi yokha, ili ndi kanema wakewake. Pa Limbuli, pamene msika umasonkhanitsa antchito a m'minda ya tiyi, alimi a m'mphepete mwa phiri ndi abale athu a ku Milange obwera ndi chimanga panjinga, thumba la katundu lingathe kuimitsidwa pachipata cha Muloza, koma filimu ili m'thumba la malaya imadutsa popanda woifunsa. Motero ntchito yosankha zoonera, imene kale inkagwiridwa ndi bungwe la boma, tsopano yagwera bambo ndi mayi m'nyumba mwawo. Ndipo woweruza amene alibe muyeso amaweruza motsata mkwiyo kapena kutopa kwa tsikulo.

Mkangano wakalekale

Tisayese kuti funsoli layamba ndi ife. Zaka zoposa 2,300 zapitazo, mu mzinda wa Athens, anthu awiri anzeru zakuya adasiyana maganizo pa nkhani yomweyi. Plato, m'buku lake lotchedwa Republic, adadzudzula amayi amene ankaopseza ana ndi nthano zakuti milungu imayendayenda usiku itadzisandutsa alendo ochokera kutali. Chifukwa chake chidali chakuti mtima wa mwana ndi wanthete. Chimene chadindidwa pamenepo sichifafanizika msanga, ndiponso mwana sanafike posiyanitsa fanizo ndi chinthu chenicheni. Wophunzira wake, Aristotle, adaona mbali ina. Iye adati sewero la zomvetsa chisoni limadzutsa mantha ndi chifundo mwa woonera, ndipo pakuzidzutsa motero limatsuka mtima wake, munthu nkubwerera kwawo atapepukidwa.

Augustine Woyera, amene ali mnyamata ku Carthage ankakonda masewero kwambiri, adadzifunsa m'buku lake la Confessions kuti nchifukwa ninji munthu amalipira ndalama kuti akamve chisoni poonera zinthu zimene iye mwini sangafune kuti zimugwere. M'buku lomwelo adasimba za bwenzi lake Alypius. Anzake adamkokera ku bwalo la ku Rome kumene anthu ankaphana ndi malupanga posangalatsa khamu. Iye adadzitama kuti thupi lokha ndilo lidzakhale pamenepo, mtima ai, ndipo adatsinzina. Koma khamu litafuula adatsekula maso, naona magazi, ndipo kuyambira tsikulo ndiye amene ankakokera ena ku bwaloko. Mnyamata wonena kuti "ndi filimu basi" ayenera kumva za Alypius, amenenso ankadziyesa wolimba.

Thomas Aquinas Woyera, yemwe adamwalira mu 1274, akutithandiza kulumikiza maganizowa. Iye adaphunzitsa kuti mantha pa okha si tchimo, pakuti muzu wake ndi chikondi: timaopa kutaya chimene timachikonda. Mayi amene saopa mwana wake akamasewera m'mbali mwa mtsinje wa Ruo nthawi ya dzinja sitingamutche wolimba mtima. Timati alibe chikondi kapena alibe nzeru. Chofunika nchakuti mantha ayende pambuyo pa nzeru, asaitsogolere. Adaphunzitsanso kuti mtima wa munthu umatopa monga thupi, ndipo umafuna masewera ndi nthabwala kuti upume. Choncho woletsa zosangalatsa zonse m'nyumba mwake sali pafupi ndi chiyero kuposa mnzake.

Tikawaika pamodzi anthu anayiwa, tipeza kuti sakutsutsana kwenikweni. Plato akunena za mwana, Aristotle akunena za wamkulu, Augustine akuchenjeza wamkulu wodzikhulupirira, ndipo Aquinas akutiuza kuti funso si lakuti tiziopa kapena ai, koma kuti tiziopa chiyani ndipo motani.

Makolo athu nawo ankaopseza

Amene amati nkhani zoopsa nzachilendo aiwala nthano za agogo. Ndani sadamvepo za chilombo chomeza mudzi wathunthu, kapena za namwali wokana amuna onse a kwawo amene adakwatiwa ndi mlendo wokongola, nkudzazindikira ali kutali kuti mwamunayo ndi fisi? Nthano zimenezi zinkaimitsa tsitsi. Ana ankakanikizana pafupi ndi moto, wina osafuna kukhala kumapeto kwa mphasa. Komabe makolo athu, podziwa kuti mantha ali ngati ng'ombe yolusa, adawamangira khola la mipanda itatu.

Mpanda woyamba udali wosimba mwini. Adali gogo wodziwika, amene ankaona nkhope za ana pa kuwala kwa moto. Akaona kuti wamng'ono wayamba kunjenjemera, ankafewetsa mau kapena kuyambitsa nyimbo. Mpanda wachiwiri udali khomo lolowera ndi lotulukira. Wosimba akati "Padangokhala," onse nkuyankha "Tili tonse," aliyense ankadziwa kuti talowa m'dziko la nthano, ndipo palibe amene walowamo yekha. Nthano ikatha onse ankatulukamo limodzi. Mpanda wachitatu udali phunziro. Chilombo cha m'nthano chidalibe dzina la munthu wa m'mudzi. Chinkaloza umbombo, kunyada kapena kusamvera kumene kuli mwa womvera mwini.

Ngakhale nkhani za phiri lathu zili ndi khalidwe lomwelo. Sapitwa, nsonga yotalika mamita 3,002, ili ndi mbiri ya mizimu ndi ya anthu osowa. Napolo amakumbukiridwa pa zimene zidachitika ku Phalombe mu Malichi 1991, ndiponso pamene namondwe Freddy adagumula mapiri ndi kukokolola midzi mu Malichi 2023. Kaya munthu amakhulupirira za njoka ya pansi pa phiri, kaya amafotokoza zonse ndi mvula yochuluka pa nthaka yotsetsereka, mantha amenewa amamphunzitsa kudzichepetsa ndi kusamala pomanga nyumba. Satumiza munthu kukagenda mnansi wake.

Kanema wa pafoni alibe mpanda ndi umodzi womwe. Saona nkhope ya mwana. Sadziwa ngati woonera ali ndi zaka 6 kapena 36. Ndipo mwana amene wafunda bulangete usiku, foni ili m'manja, alibe womuyankha kuti "tili tonse."

Pamene mantha adatuluka pakhomo

Mu Sepitembala 2017 mphekesera idabuka m'boma lino ndi ku Phalombe yakuti kwabwera anamapopa, anthu opopa magazi a anzawo usiku. Ambiri ankati achokera kutsidya kwa malire. M'masabata ochepa mphekesera idafika ku Thyolo, Chiradzulu ndi mu mzinda wa Blantyre. Anthu adasiya kugona m'nyumba, anyamata adatseka misewu nkumasecha magalimoto, boma lidaletsa kuyenda usiku m'madera ena, ndipo mu Okutobala bungwe la United Nations lidachotsa antchito ake ku Mulanje ndi Phalombe. Anthu osachepera 8 adaphedwa ndi magulu olusa, ndipo apolisi adamanga anthu oposa 100. Mmodzi mwa ophedwa ku Blantyre adali wodwala khunyu. Madokotala adanenetsa kuti sadapeze umboni wa munthu wopopedwa magazi. Magazi amene adaoneka ndi maso adali a anthu oganiziridwa aja.

Kodi tinene kuti mafilimu ndiwo adabala zimenezi? Chilungamo sichitilola kutero. Mphekesera ya magazi ndi yakale kuposa kanema wa m'nyumba. Idamveka pa nthawi ya kuphedwa kwa anthu ku Chilobwe pakati pa 1968 ndi 1970, pamene kudamveka zoti magaziwo akutumizidwa ku South Africa. Idabweranso kumapeto kwa 2002, ndipo mu Januwale 2003 a Eric Chiwaya, gavanala wa chipani cholamula mu mzinda wa Blantyre, adagendedwa powaganizira kuti akusunga anamapopa. Katswiri wa mbiri yakale Luise White, m'buku lake la mu 2000 lotchedwa Speaking with Vampires, adaonetsa kuti m'nthawi ya atsamunda ku Northern Rhodesia ngakhale ansembe a chipani cha White Fathers ankanenedwa kuti ndi opopa magazi. Muzu wa mphekeserazi uli mu umphawi, m'matenda osadziwika chiyambi chake, ndi m'kukayikira kwa osauka kuti olemera ndi amphamvu akudyera pa moyo wawo.

Komabe kunena kuti kanema sadabzale mbewu sikutanthauza kuti sangaithirire. Tiyerekeze mnyamata womasulira filimu ya ku America ya anthu omwa magazi, mtundu wa nkhani umene udatchuka ndi buku la Dracula limene Bram Stoker adalemba mu 1897. Kwa woonera wa ku London, chilombo chimenechi nchongopeka, chakutali ndi moyo wake. Koma womasulira wathu akafuna liu loti tonse timve, liu limene lili pafupi ndi lakuti namapopa, ndipo pomwepo nthano yachilendo yakhala pamphasa imodzi ndi mphekesera ya m'mudzi. Chimene kale chidali chongomva chapeza nkhope, mano ndi mayendedwe. Akuluakulu adati kandimverere adakanena za m'maluwa. Nanga kandimverere amene akuyesa kuti waona ndi maso ake, ndani angamutsutse?

Choopsa chachikulu chili m'mathero a mafilimu ambiri a mtundu umenewu. Chilombo chimaoneka ngati munthu wamba; wokayika amaoneka chitsiru ndipo ndiye amayamba kufa; palibe nthawi yofunsa mafunso, palibe bwalo la milandu; chipulumutso chimadza pamene anthu atenga moto ndi zisonga. Munthu amene wameza phunziro limeneli kambirimbiri, osalitafuna ndi nzeru, tsiku limene mfuu yamveka m'mudzi amadziwa kale mbali imene ayenera kusewera.

Muyeso wake

Tsono tiyeni tiyese mafilimu ena odziwika ndi muyeso uja: mantha awa akuloza yani?

Filimu ya Living in Bondage, yopangidwa ku Nigeria mu 1992, imene ambiri amati ndiyo idatsekula njira ya mafilimu a m'dzikolo, imasimba za Andy, mwamuna wotopa ndi umphawi amene apereka mkazi wake Merit nsembe kuti alemere. Chuma chibweradi, koma mzimu wa mkaziyo sumpatsa mtendere kufikira achita misala. Pano choopsa sichili mwa mlendo kapena mwa nkhalamba. Chili mumtima mwa munthu wofuna kulemera msanga, ndipo woonera amabwerera kwawo akudzifunsa za dyera lake. Amenewa ndiwo mantha otsuka aja. Komabe ngakhale filimu yotere ifunika womasulira wanzeru, chifukwa pochenjeza kuti chuma cha magazi chimapha, siikana kuti magazi amabweretsa chuma. M'dziko limene kuyambira 2014 abale athu achialubino akhala akusakidwa chifukwa cha bodza lomweli, kholo liyenera kunena momveka kuti fupa la munthu silidalemeretsepo wina aliyense.

Filimu ya The Exorcist ya mu 1973, yochokera m'buku la William Peter Blatty, Mkatolika wophunzitsidwa ndi ansembe achiJezwiti, ndi imodzi mwa zoopsa kwambiri zimene zidapangidwapo, ndipo siyoyenera ana mpang'ono pomwe. Koma taonani mathero ake: kamtsikana kogwidwa ndi chiwanda sikatenthedwa, sikapirikitsidwa. Wansembe wa chikhulupiriro chofooka ataya moyo wake kuti iko kapulumuke. Wogwidwa ndi choipa akuonetsedwa ngati munthu woti awomboledwe, osati woti aphedwe.

Tsono yerekezani ndi mafilimu ambirimbiri amene mfiti yake nthawi zonse ndi apongozi, mayi wopeza kapena gogo wamasiye wa kumudzi. M'menemo mulibe chimene chimafunsa woonera za mtima wake. Amangomuuza kuti mavuto ake onse ali ndi mwini, ndipo mwiniyo ali ndi imvi. Mu Januwale 2016 okalamba anayi adaphedwa ku Neno powaganizira kuti ndiwo adatumiza mphenzi imene idapha mtsikana wa m'mudzimo, chikhalirecho lamulo la 1911 lidaletsa kutchula munthu kuti ndi mfiti. Filimu yophunzitsa mwana kuopa agogo ake ndi yoipa, ngakhale ithere ndi pemphero ndi nyimbo ya Mulungu.

Nanga makatuni? Muyeso ndi womwewo. Snow White and the Seven Dwarfs, katuni yaitali yoyamba ya Walt Disney ya mu 1937, ndi yokongola ndithu. Koma mfumukazi yoipa ikafuna kupha, imadzisandutsa nkhalamba yamakwinya yogulitsa zipatso. Mwana wa zaka zinayi sasunga nkhani yonse, amasunga nkhopeyo. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Tom and Jerry, amene William Hanna ndi Joseph Barbera adayamba kujambula mu 1940, amaseketsa ana ndi akulu omwe, ndipo kuseka kumeneko si tchimo. Ndi msuweni wa nthano zathu za Kalulu wochenjera. Kusiyana kwake nkwakuti m'nthano Fisi akapsa amapsadi, pamene mphaka wa m'katuni amaphwanyidwa ndi nyundo nkudzuka wopanda bala. Mwana wamkulu amadziwa kuti nzosatheka. Wamng'ono afunika womuuza kuti mng'ono wake sadzadzuka chotero.

Koma pakati pa makatuni pomwepo tikupezapo mphunzitsi woposa onse pa nkhani yathuyi. Mu 1998 Michel Ocelot wa ku France, amene adakulira ku Guinea, adatulutsa Kirikou and the Sorceress. Mudzi wonse ukuopa mfiti yotchedwa Karaba, ndipo onse akuti idadya amuna a m'mudzimo. Kamwana Kirikou kokha ndiko kakufunsa funso limene akulu salifunsa: nchifukwa ninji Karaba ali woipa? Kapeza kuti amuna ena adambaya ndi munga pamsana, ndipo ululu wake sumchoka usana ndi usiku. Kirikou samupha; azula mungawo, ndipo amuna aja, amene sadadyedwe konse, abwerera kwawo. Katuni imeneyi ili ndi mfiti, ili ndi zoopsa, koma mwana woionera amatulukamo ndi funso m'malo mwa mwala. Mudzi umene uli ndi anthu khumi ofunsa monga Kirikou sungaphe munthu wodwala khunyu.

Udindo wa m'nyumba

Eklezia sadanenepo kuti nkhani zonena za choipa zisasimbidwe. Chikalata cha Inter Mirifica, chimene Msonkhano Wachiwiri wa Vatican udatulutsa pa 4 Disembala 1963, chidavomereza kuti kuonetsa choipa kungathandize kumvetsa mtima wa munthu mozama, malinga kutsate malamulo a chikhalidwe chabwino. Ndipo chidakumbutsa makolo kuti udindo woyang'anira zolowa m'nyumba ndi wawo. Udindo umenewu sutha ndi kuzimitsa kapena kuyatsa. Tinganene kuti ndi ntchito yomanganso mipanda itatu ija.

Choyamba, msinkhu ulemekezedwe. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la World Health Organization lidalangiza mu 2019 kuti mwana wosakwana zaka 2 asaikidwe pa kanema, ndipo wa zaka 2 mpaka 4 asapitirire ola limodzi pa tsiku. Foni si mlezi. Filimu ya mizukwa imene bambo angaonere nkugona tulo tabwino ingathe kumsowetsa tulo mwana mwezi wathunthu, ndipo mwana wotereyo kawirikawiri sanena, poopa kusekedwa. Eni tinyumba ta vidiyo nawo akumbuke kuti mwana wa mnzako ngwako yemwe. Ndalama ya mwana wovala yunifolomu, wolowa kukaonera zosayenera msinkhu wake, ilibe madalitso.

Chachiwiri, ana auzidwe mmene kanema amapangidwira. Filimu ndi zithunzi zoima zimene zimathamangitsidwa, 24 pa sekondi imodzi, kuti diso liyese kuti zikuyenda. Munthu wouluka pa lichero ndi ntchito ya kompyuta. Wophedwa m'filimu ya lero mawa ali m'filimu ina, wamoyo ndi wonenepa. Pamene Alfred Hitchcock ankajambula Psycho, filimu ya mu 1960, magazi amene adaopsa dziko lonse adali madzi a chokoleti. Tsitsani mau a kanema pamalo poopsa, ana aone okha mmene mantha ambiri amathera nyimbo ikachoka. Kudziwa zimenezi sikuononga chisangalalo. Kumabwezera nzeru pampando wake.

Chachitatu, ndipo ichi ndicho chachikulu, tionere limodzi ndi kukambirana. Kanema abwerere pabwalo la banja pamene padali nthano. Filimu ikatha, bambo kapena mayi afunse: woipa m'nkhaniyi adali yani, ndipo adafika bwanji poipa? Kodi akufanana ndi munthu wina wa m'mudzi muno, ndipo ngati akufanana, tili ndi umboni wanji woti munthuyo ndi woipa? Kodi padali njira ina yothetsera vutoli popanda kupha? Mafunso otere angafunsidwenso m'miphakati ndi m'magulu a achinyamata. M'mera mpoyamba: mwana wozolowera kufunsa pamaso pa kanema adzafunsanso pamaso pa khamu.

Mthenga Wabwino wa Mateyo, mutu 14, umasimba za ophunzira ali m'ngalawa usiku, mphepo ikuwakankha. Ataona munthu akudza pamadzi adafuula ndi mantha, poyesa kuti ndi mzukwa, chonsecho adali Mbuye wawo akubwera kudzawathandiza. Namondwe adali weniweni, ndipo kuopa kwawo kudali ndi chifukwa. Cholakwika chidali dzina limene mantha adapatsa wobwerayo. Umo ndimo mantha osaweta amachitira nthawi zonse: namwino wonyamula chikwama amamutcha namapopa, gogo wokhala yekha amamutcha mfiti, mlendo wosokera njira ya ku Muloza amamutcha mdani.

Choncho kwa kholo lofunsa ngati filimu yakutiyakuti ilowe m'nyumba, yankho lathu nlakuti: musayang'ane chikuto chokha, kaya pali chigaza cha munthu kaya pali kambewa komwetulira. Khalani pansi muonere, ndipo m'mawa mwake muone mmene mwana wanu akuperekera moni kwa nkhalamba ya kuseri kwa nyumba ndi kwa mlendo wopempha madzi akumwa. Ngati akuwalandira ndi manja awiri monga kale, kanemayo sadabe kanthu m'nyumba mwanu. Koma ngati wayamba kuwazemba ndi kuwayang'ana cham'mbali, nthawi yokambirana naye yakwana, mfuu ina isanamveke m'mudzi.